Mlongo wanga akuti Mulungu wamulakwira, ndimuyankhe bwanji?

Nabanda: Abale anga m'gulu muno, mwaswera bwanji. Ndili ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndiye ndati ndiitule pano poti muli akuluakulu. Ndi ya mlongo wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, amakhala kumudzi ku Balaka ndi mkazi ndi ana atatu. Lamulungu lapitali amayi anamupeza ali gone pamphasa, belu la kutchalitchi likulira. Atamufunsa anangoti, "Ndipite kukayamika chiyani? Mulungu wanuyo wandilakwira." Munthu amene ankaimba kwaya kuyambira ali Sitandade 6.

Kuti mumvetse, chaka chatha dzina lake linatuluka pa feteleza wotsika mtengo uja, matumba awiri. K30,000 yake ndinatumiza ndine pafoni. Thumba limodzi anagulitsa kwa mavenda tsiku lomwelo, silinafike ndi pakhomo pomwe. Ndikumva kuti zina mwa ndalamazo zinathera kubetcha mpira. Kenako mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikuyamba kumasula, munda wonse unapsa. Anakolola matumba osakwana atatu. Anakatenga katapila, wakatapila wabwera watenga njinga ndi mbuzi ziwiri. Panopa mwana wachiwiri akudwaladwala.

Mtima wina ukuti ndimuuze kuti wadzipha yekha. Mtima wina ukuti nanga mvula anaidula ndi iye? Ndithandizeni nzeru.

Bambo a Tadala: Achemwali, muuzeni osazungulira. Mulungu sabetcha mpira. Mulungu sanaime padepoti kugulitsa feteleza kwa mavenda. Ife kuno ku Joni timadzuka 4 koloko kukagwira maganyu a anthu, kuzizira kotani, kuti titumize kangachepe kumudzi. Ndiye wina adye, akamaliza aloze kumwamba? Ayi. Amalawife tinazolowera, tikalemera ndi nzeru zathu, tikasauka ndi Mulungu kapena afiti.

Yamikani: "Mulungu sabetcha mpira" 😂😂 amalume, mawu amenewa ndikawalembetsa kumbuyo kwa minibasi.

A Gama: Mayi Nabanda, zikomo potikhulupirira ndi nkhani ya m'banja. Tsegulani Miyambo 19:3. Vesi limeneli likunena za mlongo wanuyo ngati wolembayo ankamudziwa: utsiru wa munthu ndi umene umakhotetsa njira yake, koma mtima wake umakwiyira Yehova. Matendawa ndi akale. Adamu atafunsidwa m'munda muja sanati ndalakwa. Anati ndi mkazi amene Inu munandipatsa. Taonani, mawu amodzi okha wakankhira mlandu kwa anthu awiri, mkazi ndi Mulungu amene.

Koma amene amandiseketsa ine ndi Aroni pa Eksodo 32. Munthu wasonkhanitsa ndolo za golide, wasungunula, waumba fano ndi manja ake. Mose atatsika phiri n'kumufunsa, iye akuti ndinangoponya golide pamoto ndipo panatuluka mwana wang'ombeyu. Anangotuluka yekha! Tonsefe tili ndi kamwana kang'ombe kathu komwe timati kanangotuluka pamoto.

Mai a Pempho: Amen abambo. Komanso Yakobo 1:13, Mulungu sayesa munthu ndi zoipa. Chimene munthu wafesa ndi chimene amakolola.

Aphunzitsi Mbewe: Ndiwonjezereko pa za mvulazo. A zanyengo analengeza nyengo isanayambe kuti kukubwera El Niño ndipo kummwera mvula ikhala yochepa. Zinanenedwa pawailesi kangapo konse, alangizi akuti dzalani mbewu zocha msanga, sakanizani ndi nandolo, mapira, chinangwa, mbatata. Ndi angati tinamva? Ine ndemwe ndinadzala chimanga chokhachokha, chifukwa m'mutu mwathu chakudya ndi nsima ya chimanga basi. Yosefe ku Iguputo atadziwa kuti kukubwera njala ya zaka zisanu ndi ziwiri sanangoitanitsa mapemphero, anamanga nkhokwe n'kusunga gawo limodzi mwa magawo asanu a zokolola.

Komabe chilungamo tinene. Mu Malichi 2024 Pulezidenti Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Si maboma 23 a anthu obetcha mpira. Alipo amene anathira matumba onse awiri, kupalira kawiri, kubandira bwinobwino, koma anakolola mapesi okhaokha.

Bambo a Tadala: Aphunzitsi, amene anathira onse awiri aja akulira ndi mtima woyera. Uyu alire chiyani?

Anaphiri: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Sindimakonda kulemba m'gulu muno koma lero ndiloleni.

Ine ndinali ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy, Malichi 2023. Mvula inagwa masiku atatu osapuma, yosabwera ndi mabingu, yongoti waaa usana ndi usiku. Kenako tinamva phokoso kuchokera kuphiri la Soche ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Ndinanyamula wamng'ono kumsana n'kuthawa ndi chitenje chimodzi. Mng'ono wanga ankakhala nyumba zinayi kumtunda kwathu. Iye tinamupeza tsiku lachitatu, achinyamata akukumba ndi makasu ndi manja. Mwana wake wa zaka zisanu sitinamupeze mpaka lero. Pamalo pamene panali nyumba yawo pali mwala waukulu kuposa nyumbayo.

Mng'ono wangayo sankamwa, sankabetcha. Ankagulitsa mandasi ndi zigumu, Lachinayi lililonse ali ku mvano. Madzulo a tsiku limenelo anandibweretsera mchere m'kapu chifukwa wanga unatha. Kapuyo ndidakali nayo, ndi chinthu chokhacho cha m'nyumba mwake chimene chinatsala.

Ndiye mukamati chimene munthu wafesa ndi chimene amakolola, ndimafuna kufunsa kuti iye anafesa chiyani. Ine ndinamukwiyira Mulungu, sindibisa. Ndinatha miyezi isanu ndi itatu osapemphera. Ndikatsegula pakamwa mawu amene ankabwera ndi amodzi okha, "Munali kuti?"

Mai a Pempho: Mayo ine. Pepani kwambiri amayi. Sindimadziwa.

Nabanda: Anaphiri, pepani. Ndakutsegulani bala ndi nkhani yanga.

Anaphiri: Ayi achemwali, balalo silinatsekekepo.

Bambo a Tadala: Pepani amayi, zowawa zedi. Koma poti tikukambirana, ndifunse mosanyoza. Kodi anthu sankaletsedwa kumanga m'mphepete mwa phiri lija? Mitengo ya m'phirimo anadula ndani? Ine ndinakulira ku Zingwangwa, Soche ndinamuona ali ndi nkhalango. Ndirande chimodzimodzi, lero ndi mpala wokhawokha. Madzi akanagwidwa ndi chiyani?

Aphunzitsi Mbewe: Za mitengozo ndi zoona, ndipo palibe angatsutse. Mizu ndi imene imagwira dothi pamalo otsetsereka, ndipo nkhalango imachedwetsa madzi kuti alowe pansi pang'onopang'ono. Mukachotsa mitengo, n'kukumba maziko m'phiri, n'kuswa miyala ya kware, dothi likakhuta madzi limangotsetsereka lonse. Makolo ankati kwadutsa Napolo, ngati zija za ku Phalombe mu 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka n'kupha anthu mazanamazana. Ifenso Akhristu tangosintha dzina, pamene agogo ankati Napolo ife tikuti chifuniro cha Mulungu. Koma makala amene anamaliza mapiriwa anaphikira nsima m'nyumba za tonsefe, ngakhale ife okhala kuchigwa m'nyumba za mpanda.

Anaphiri: Bambo a Tadala, funso lanu ndaliyankhapo kambirimbiri, ngakhale kumsasa kusukulu komwe tinkagona anthu makumi m'kalasi imodzi anabwera ena kudzatifunsa zomwezo atanyamula mabulangete. Mng'ono wanga sanamange nyumba kuphiri. Ankachita lendi. Anapita kumtunda kuja chifukwa ndi kokhako kumene lendi yake akanaikwanitsa ndi ndalama ya mandasi. Mwini nyumbayo amakhala kwina, ali moyo, ndipo wamanganso. Amene anagulitsa malowo ali moyo. Amene ankadutsa ndi galimoto za boma n'kumaona nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka ali moyo. Wafa ndi wa mandasi. Ngati mukufuna kupeza wolakwa, mufufuzeni, ine sindikana kuti alipo. Koma musamufufuze m'manda.

Yamikani: Eish.

Bambo a Tadala: Ndamva amayi. Ndalankhula mothamanga. Mundikhululukire.

A Gama: Inenso ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Ndinathamangira Miyambo chifukwa nkhani ya mlongo wa a Nabanda inaoneka yosavuta. Koma Baibulo lomwelo lili ndi buku la Yobu, ndipo ndikuganiza kuti Mulungu analiika dala kuti ife okonda Miyambo tisamatumbwe. Anzake a Yobu atatu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anayamba bwino. Anakhala naye pansi masiku asanu ndi awiri osanena kanthu, ngati mmene timachitira pa siwa. Analakwitsa atatsegula pakamwa. Chiphunzitso chawo chinali chomwechi tanena pano, kuti palibe amavutika popanda chifukwa, ulula tchimo lako. Pamapeto, pa mutu 42, Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu amene anatemberera tsiku lake lobadwa. Anati simunanene zoona za Ine monga wanenera mtumiki wanga Yobu. Ndimati ndikafika pamenepa ndimachita mantha, chifukwa pa maliro ambiri amene ndalalikirapo ndinali Elifazi.

Ndipo Ambuye Yesu anakambapo nkhani yofanana ndi ya ku Chilobwe. Luka 13, nsanja ya ku Siloamu inagwa n'kupha anthu 18. Iye anafunsa kuti kodi mukuganiza kuti amenewa anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu? Anayankha yekha kuti iyayi. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Yankho linali lomwelo, palibe.

Mai a Pempho: Ndiye abambo mukuti chiyani tsopano? Poyamba mwati munthu amadzikhotetsera njira, pano mukuti palibe wolakwa. Ife nkhosa tigwire ziti?

A Gama: Zonse zili m'buku limodzi, mayi. Vuto ndi lakuti timapereka mankhwala a mutu kwa wodwala m'mimba. Vesi la Miyambo lija ndi la munthu amene akudziwa chimene anachita koma akubisala kumbuyo kwa Mulungu. Kuliwerengera Anaphiri ndi nkhanza.

Nasibeko: Ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito ya usiku. Ine ndine namwino, ndipo pali mbali ina imene simunaikhudze. Mukukamba za amene amakwiyira Mulungu. Ine amene amandiopsa kwambiri ndi amene amamunamizira mwaulemu. Mawu akuti "chinali chifuniro cha Mulungu" ndawamva kambiri m'makonde a chipatala, ndipo nthawi zambiri amanenedwa ndi munthu amene akufuna kuti mafunso athe.

Nthawi ya kolera ija, 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, tinkalandira ana atafooka kale, maso atalowa, khungu ukalitsina osabwerera. Ukafunsa anayamba liti, akuti dzana, koma tinayamba tapita kumapemphero. Kolera ukafika msanga amachizika ndi Thanzi ndi madiripu, zinthu zosavuta. Mwana akapita, agogo akuti Mulungu wapereka, Mulungu watenga. Ndimangoluma mlomo chifukwa si nthawi yake yoyankha, koma mumtima ndimati Mulunguyo anapereka masiku awiri ndipo munawathera panjira ina.

Chimodzimodzi ngozi za pamsewu. Minibasi ya anthu 16 yanyamula 23, matayala osalala ngati mbale, dalaivala wayenda osagona chifukwa bwana akufuna ndalama yake ya tsiku. Ikagubuduzika, pa maliro mwini galimoto amabwera ndi thumba la ufa ndi bokosi, abusa n'kunena kuti tsiku lake linakwana. Aliyense amapita kwawo mtima uli m'malo, ndipo galimoto ina ya bwana yemweyo mawa ili pamsewu ndi matayala omwewo.

Aphunzitsi Mbewe: Apa mwalasa. Deuteronomo 22:8 imati ukamanga nyumba yatsopano uike kampanda padenga, kuti munthu akagwa mwazi wake usakhale pa nyumba yako. Anthu a nthawi imeneyo ankacheza padenga. Mulungu sanati munthu akagwa ndiye kuti tsiku lake lakwana, anati womangayo ayankhe.

Yamikani: Ine ndifunseko ngati mwana. Nanga aneneri aja amati bzala mbewu ya K20,000 kuti chaka chino ukwere ndege? Msuweni wanga anagulitsa mashini osokera n'kukabzala. Palibe chinamera. Atabwerera akuti chikhulupiriro chako chinali chochepa, kapena pali azakhali ena akukutsekereza kumudzi. Panopa sayankhulana ndi azakhali ake, mashini alibe, ndipo akuti Mulungu ndi wokondera. Pamenepa wolakwa ndani? Chifukwa iye anachita zomwe anauzidwa m'tchalitchi.

Bambo a Tadala: Wolakwa ndi onse awiri, wogulitsa ndi wogula. Koma kuno ku Joni ndiye aliko ochuluka, mpaka mafuta ndi madzi a m'botolo ali ndi mtengo wake.

A Gama: Yamikani mwana wanga, funso lako ndi lolemera kuposa mmene walifunsira. Anthu ambiri amene akuti Mulungu wawakhumudwitsa, anakhumudwitsidwa ndi lonjezo limene Mulungu sanapereke. Ife alaliki tinawauza kuti ukapereka chakhumi, ukaimba kwaya, ukasala kudya, mavuto sakufika. Ndi katapila wauzimu ameneyo, kuika K10 kuti Mulungu abweze K15. Ndiye chilala chikafika pamunda wa woimba kwaya chimodzimodzi ndi pamunda wa woledzera, munthu amaona ngati waberedwa. Mwina ndi zimene zili mumtima mwa mlongo wa a Nabanda. Yesu ananena poyera kuti dzuwa limawalira oipa ndi abwino, mvula imagwera olungama ndi osalungama. Ikakanika imakanikanso kwa onse.

Nabanda: Anaphiri, ngati simukuona vuto, munabwerera bwanji? Mwati munatha miyezi isanu ndi itatu.

Anaphiri: Sindikudziwa ngati ndinganene kuti ndinabwerera mmene ndinalili kale. Amene anabwera ndi mavesi onse ndinkangowayang'ana. Wina anandiuza kuti Mulungu amathyola duwa lokongola m'munda mwake, ndinatuluka panja kuti ndisamutukwane. Koma panali gogo wina wa mvano, anzake a mng'ono wanga. Ankabwera Lachinayi lililonse akaweruka, n'kukhala pakhonde kumandithandiza kusankha nyemba. Osalalikira. Tsiku lina ndinamuuza kuti agogo, ine Mulungu ndamukwiyira. Anangoti, "Muuze mwini wakeyo, usandiuze ine." Anandisonyeza Masalimo 88. Ndinawerenga kufunafuna pamene pakhale mawu otonthoza, palibe, salimo lonse ndi madandaulo mpaka limathera mumdima. Ndinadabwa kuti zoterezi anazisiya m'Baibulo. Usiku umenewo ndinapemphera koyamba, ndipo silinali pemphero labwino. Linali mlandu. Koma ndinali kuyankhula naye.

Mpaka lero sanandiyankhe kuti anali kuti. Ndimapita kutchalitchi, nyimbo zina ndimaimba, zina ndimangokhala chete. Tinasamukira ku Chigumula, malo athyathyathya, lendi yake ikundipweteka koma kuphiri sindibwererako. Mitambo ikada ndimayamba kunjenjemera.

Mai a Pempho: Naomi nayenso anati musanditchenso Naomi, munditche Mara, chifukwa Wamphamvuyonse wandichitira zowawa. Ndipo palibe pamene analangidwa chifukwa cha mawuwo. Ndangozikumbukira pano. Pepaninso Anaphiri pa vesi ndinaponya lija.

Nasibeko: A Nabanda, ine langizo langa ndi la kuntchito. Musanayambe za Mulungu, mwana akudwaladwalayo apite kusikelo akamuyeze. Chaka cha njala ana ambiri amene amati akudwaladwala amakhala kuti chakudya chikuchepa m'thupi. Zimenezo sizidikira kuti bambo ake agwirizane kaye ndi Mulungu.

Nabanda: Abale, ndabweranso. Dzulo usiku ndinamuimbira. Ndinatsatira za gogo wa Anaphiri, sindinayambe ndi vesi. Ndinangomufunsa kuti achimwene, chinachitika ndi chiyani ndi thumba lija. Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti mayunitsi atha. Kenako anandiuza zimene sindimadziwa. Pa maliro a bambo athu chaka chapitacho, ife a m'tauni tinasonkha za bokosi n'kubwerera Lolemba. Anthu anatsala pakhomo sabata yathunthu, ndipo chimanga ndi ndiwo zonse anakongola ndi iye. Sanatiuze, akuti ankachita manyazi poti ndi iye mwamuna wotsala pamudzi. Thumba lija anagulitsa kuti abweze ngongole imeneyo. Inatsala K18,000, ndipo imeneyo ndi imene anabetcha, akuti ankafuna iswane kuti agulenso thumba lina ine ndisanadziwe. Inapita yonse Loweruka limodzi.

Ndinalira, chifukwa chaka chonse ndakhala ndikumuweruza ndi theka la nkhani, ndipo mbali ina ya ngongoleyo inali yanga. Koma sindinamusiyenso choncho. Ndinamuuza kuti za maliro tilakwa ndife, za mvula palibe wolakwa pakati pathu, koma K18,000 ija ndi katapila uja usamunamizire Mulungu, ndi zako. Anati, "Ndikudziwa, alongo. Kungoti kukwiyira Mulungu n'kosavuta kusiyana ndi kuyang'ana amayi kumaso."

Bambo a Tadala: Mmm. Ameneyo ndi mwamuna, wavomera. Ine ndinamuweruza ngati chidakwa cha mpira. Achemwali, njinga anatenga wakatapilayo ikufunika zingati kuti iwomboledwe? Ndilembereni kumbali.

A Gama: Nanga za kutchalitchi anati chiyani?

Nabanda: Sindinamukakamize, abambo. Anati sanakonzeke, akuti akaimirira kutsogolo kuimba aziona ngati akunama. Ndamuuza za Masalimo 88, wati awerenga, kaya awerengadi. Mwana apita naye kusikelo Lachitatu, mlamu wanga walonjeza. Pali kadimba ka amayi kumtsinje komwe kakhala zaka ziwiri osalimidwa, tagwirizana kuti ndigula mbewu ya mpiru ndi tomato ndi khasu latsopano. Ndalama m'manja ayi, ndamuuza poyera, ndipo anaseka.

Yamikani: Foni ija ya kubetcha nayo muione bwino anti, ligi yayambanso.

Anaphiri: Mukapita kumudzi mukakhale naye pakhonde kaye. Mutenge nyemba zosasankha.